Mwana wathu wafika zaka 20 osasamba, a kuchimuna akufuna kumubweza

Nabanda, Ulónguè: Moni nonse. Dzina la mwana sinditchula. Ndi wa mng'ono wanga, ndiye ndi mwana wanga ndithu. Ali ndi zaka 20, wamtali, mawere anamera bwinobwino, koma chibadwire sanasambepo ngakhale kamodzi. Anzake akuvinidwa ife tinkangoti tidikire, ena amachedwa. Chaka chatha anakwatiwa cha ku Dómuè, ndipo apongozi ayamba kale kunena zomubweza n'kuitanitsa ng'ombe zawo. Ankhoswe akumana kumapeto a mwezi uno. Chikundisowetsa tulo n'chakuti mkulu wathu woyamba kubadwa analinso chimodzimodzi, wakalamba wopanda mwana, ndipo amayi ankati mng'ono wawo wina anali wotero. Kumudzi akuti alipo anamanga mbumba yathu. Kwa asing'anga tapitako mpaka mbuzi zatha m'khola. Alipo akudziwa za zimenezi?

aMaseko, Tsangano: Pepani amayi. Koma mibadwo itatu m'mimba imodzi, nanga si zomangidwa zimenezo? Matenda wamba sasankha mtundu.

Anamwino Naphiri, Moatize: Bambo Maseko, alipo matenda osankha mtundu, ndipo ndi ambiri. Mayi Nabanda, ndiyankheni zitatu. Kodi mwanayo amamva kupweteka m'munsi mwa mimba mwezi ndi mwezi? Tsitsi la m'khwapa ndi la kumalo obisika linamera? Ali wamng'ono anatupapo m'mphechepeche?

Nabanda, Ulónguè: Zopweteka m'mimba ayi. Za tsitsi ndafunsa mayi ake, akuti m'khwapa mulibe, kwinako ndi tochepa kwambiri. Kachotupa kanalipo mbali yakumanja, kankatuluka akalira n'kubwereranso. Tinkangoti ndi mwanabere.

Anamwino Naphiri, Moatize: Ndafunsa za ululu chifukwa atsikana ena amasamba ndithu, koma njira yotulukira magazi ndi yotsekeka chibadwire, magazi n'kumadzadzana m'kati. Zimenezo amakonza ndi opaleshoni yaing'ono ndipo munthu amabereka. Popeza ululu palibe, maganizo anga akupita kwina. Pafoni sindingagamule matenda a munthu amene sindinamuone, koma zimene mwafotokozazi madokotala amazidziwa ndipo zili ndi mayina. Aphunzitsi Mbewe, tayambani ndinu za makromozomu, ine ndili pa ntchito, ndibweranso.

Aphunzitsi Mbewe, Furancungo: Zikomo anamwino. Amayi, thupi lathu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'selo muli makromozomu 46 okhala awiriawiri. 23 amachokera m'dzira la mayi, 23 mu umuna wa bambo. M'makromozomumo ndi mmene muli majini, malangizo a kaumbidwe ka munthu. Awiri omaliza ndi amene amatsogolera nkhani ya ukazi ndi umuna: kawirikawiri XX ndi mkazi, XY ndi mwamuna. Dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse, wobweretsa X kapena Y ndi bambo. Abambo amene mumanyoza akazi anu chifukwa chobereka ana aakazi okhaokha, mumvetse pamenepa.

Komatu makromozomu okha samaliza ntchito. Mpaka cha m'sabata ya 6 ya mimba, ana onse amakhala ofanana, sanapatuke. Pa Y pali jini yotchedwa SRY, imene asayansi a ku London anaitulukira mu 1990. Ikayamba ntchito, tiziwalo timene tikanakhala mabasiketi a mazira timasanduka machende, pepani pakamwa. Machendewo amatulutsa mahomoni awiri, timadzi toyenda m'magazi tolamulira ntchito za thupi: testosterone, imene imaumba ziwalo zachimuna, ndi AMH, imene imafafaniza chimene chikanakula n'kukhala chiberekero. Pa masitepe onsewa, lililonse likhoza kuphonyeka. Zikatero mwana amabadwa makromozomu akunena china, thupi likuonetsa china. Kuyambira 2006 madokotala amazitchula zonsezi pamodzi kuti DSD, kutanthauza kusiyana kwa kakulidwe ka ziwalo zachikazi ndi zachimuna.

Chisale wa ku UniZambeze, Tete: Ndiwonjezere, ndikuphunzira za udokotala pa yunivesite. Zimene anamwino akuganizira ndikuona ngati ndi zotchedwa CAIS. Mwana amakhala ndi XY, machende amapangika m'mimba ndipo amatulutsa testosterone yokwanira, koma maselo a thupi saimva. Imakhala ngati mlendo wopanga odi pakhomo pomwe palibe woyankha. Ndiye thupi lakunja limaumbika lachikazi kotheratu. AMH yokha imagwira ntchito yake, n'chifukwa chake chiberekero sichikhalapo ndipo msambo subwera. Pa msinkhu wa unamwali thupi limasandutsa testosterone ija kukhala estrogen, homoni yachikazi, mawere n'kumera bwino, koma tsitsi la m'khwapa ndi lakumunsi silimera chifukwa ilo limadalira testosterone. Kachotupa ka m'mphechepeche mwa mwana wamkazi nthawi zina kamakhala chende limene latsika. Sizichitika kawirikawiri, ndi mwana mmodzi pa ana a XY oposa 20,000.

Za mbumba zija, Bambo Maseko: jini yolandira testosterone ili pa X. Mayi wa XX akhoza kukhala nayo yowonongeka pa X imodzi, inayo ili bwino, iye osadwala, n'kumabereka. Pa mimba yake iliyonse, mpata woti mwana abadwe ndi vutoli ndi umodzi pa inayi, ndipo theka la ana ake aakazi a XX amainyamula n'kukaipereka patsogolo. N'chifukwa chake imayenda kuchikazi: mng'ono wa agogo, mkulu wa mayi, kenako mwana.

aMaseko, Tsangano: Dikirani kaye. Ngati ali ndi XY ndi machende, ndiye kuti anthu a ku Dómuè anapereka ng'ombe pa mwamuna mnzawo?

Anamwino Naphiri, Moatize: Ayi bambo, ndipo mawu amenewo asatuluke pagulu pano kupita kumudzi. Mwanayu anabadwa mkazi, azamba anamulandira mkazi, wakula akudzidziwa kuti ndi mkazi, thupi lake ndi la mkazi. Pafupifupi onse obadwa ndi CAIS amakhala moyo wawo wonse ali akazi ndipo safuna kukhala china. Ine ndaona mtsikana atasiya kudya chifukwa wina anamuuza mwachipongwe zotsatira za kuchipatala pamaso pa anthu. Komanso musaiwale kuti wa Mayi Nabandayu sanayezedwe. Tikungokamba zimene zingakhale.

Nambewe, Chifunde: Akulankhula ndi agogo anga, ine ndikungolemba. Akuti: ine ndakhala namkungwi kuyambira nkhondo isanathe. Ana otere ndinawaona, si achilendo. Mwana mawere atuluka, anzake akula, iye zii. Ife sitinkamusiya kumbuyo kuti achite manyazi, tinkamuvinira limodzi ndi anzake ndipo zam'kati zinkathera pakati pa ife ndi mayi ake. Akakwatiwa, mbale wake ankamupatsa mwana woti alere, ndipo mwanayo ndiye ankamuika m'manda. Kwathu kuno mwana wa mng'ono wako ndi wako. Zobweza mkazi ngati mphika wobooka ndi za kwanu kolipira ng'ombe uko. Akuti zimene akufotokoza mnyamata wa ku Tete sanazimvetse zonse, koma zoti zimayenda kuchikazi akuvomereza, chifukwa amene anawaona anali a mimba imodzi.

aMaseko, Tsangano: Agogo ndamva. Sindimafuna kunyoza, ndimafuna kumvetsa. Zimenezi ndi zija ankamunenera Caster Semenya, wothamanga wa ku South Africa uja?

Aphunzitsi Mbewe, Furancungo: Malamulo a othamanga amene anamuletsa kupikisana pa mamita 800 anali okhudza DSD ndithu. Koma mitundu yake ndi yambiri, tisamuphatikize ndi mwana wa kwa Nabanda. Chimene ine ndimakumbukira n'chakuti Maria Mutola, wothamanga wathu wa ku Mozambique amene anatenga golide ku Sydney mu 2000, ndi amene ankamuphunzitsa Semenyayo pa mpikisano wa ku London mu 2012, pa nthawi imene ena ankamuseka. Tibwerere kwa amayiwa.

Nabanda, Ulónguè: Anamwino, musandibisire. Adzabereka?

Anamwino Naphiri, Moatize: Ngati ndi CAIS, ayi amayi. Mazira palibe, chiberekero palibe, ndipo palibe mankhwala a kuchipatala kapena a kwa sing'anga amene angameretse chiberekero. Ndikunena mosazungulira kuti musagulitsenso chiweto china. Koma za m'nyumba ndi mwamuna wake zimatheka. Njira ikakhala yaifupi pali kathandizidwe kake kopanda mpeni. Chinanso chofunika: machende okhala m'mimba aja amafuna kuti dokotala aziwayang'anira, chifukwa munthu akamakula mpata woti achite chotupa umakwera pang'onopang'ono. Akachotsedwa, ayenera kumamwa estrogen kuti mafupa asafooke. Ndiye ulendo wa kuchipatala si wa mimba yokha, ndi wa moyo wake.

Ndipo pali zina zofanana nazo zimene yankho lake ndi losiyana. Alipo atsikana a XX, mabasiketi a mazira ali bwino, tsitsi linamera, koma anabadwa opanda chiberekero. Amati MRKH, mmodzi pa atsikana pafupifupi 5,000. Alipo a Turner, obadwa ndi X imodzi yokha, makromozomu 45, mmodzi pa atsikana pafupifupi 2,500. Iwowa amakhala aafupi, mawere nthawi zambiri samera okha, chiberekero chilipo koma mazira amatha msanga, ndipo amafunika kuyezedwa mtima ndi impso. Ochepa mwa iwo amatenga mimba paokha. Alipo a Swyer, a XY koma machende sanapangike n'komwe, ndiye chiberekero ali nacho. Amenewa tiziwalo tosakhwima timene tikanakhala machende timachotsedwa msanga chifukwa timakonda kuchita khansa, ndipo kumayiko kumene kuli zipangizo ena anabereka ndi dzira lopatsidwa ndi mkazi wina.

Yambirani pa chipatala cha Ulónguè mupemphe ekografiya, kuunika m'mimba ndi makina, aone ngati chiberekero chilipo. Akaona kuti n'zofunika akupatsani guia, kalata yopitira kuchipatala chachikulu cha Tete kwa dokotala wa amayi. Kuyeza makromozomu, kariyotipo, ndi kwa ma laboratory akuluakulu, dokotalayo ndi amene angakuuzeni kotumiza magazi.

aMaseko, Tsangano: Nanga mwamunayo? Akuyenera kuuzidwa zonse. Iyenso ndi mwana wa munthu, akudikira mwana.

Anamwino Naphiri, Moatize: Woyamba kumva ndi mwini thupi, ali ndi zaka 20, si mwana. Dokotala amuuze zonse mofatsa, pali munthu amene iye wasankha. Kumubisira n'kolakwa, kale ankatero ndipo anthu ankadzazimva atakula, mtima n'kusweka kawiri. Mwamuna wake akuyenera kudziwa zoona pa nkhani ya kubereka, pamenepo ndikugwirizana nanu. Koma za makromozomu anena yekha mtsikanayo ngati wafuna. Pabwalo la ankhoswe si pokambira zam'mimba mwa munthu.

aMaseko, Tsangano: Pamenepo sitigwirizana kwenikweni. Banja la chinsinsi sililimba.

Nambewe, Chifunde: Agogo akuti chinsinsi cha awiri m'nyumba ndi china, cholengeza kwa apongozi ndi alamu ndi china.

Nabanda, Ulónguè: Ndilankhula ndi malume ake apemphe ankhoswe adikire mpaka tibwere kuchipatala. Ndikuganiziranso ang'ono ake awiri, wina ali ndi zaka 11.

Chisale wa ku UniZambeze, Tete: Mukawatchule kwa dokotala. Lamulo losavuta: mtsikana akafika zaka 15 osasamba, kapena zaka 13 mawere osayamba, apite akaonedwe. Zifukwa zambiri ndi zazing'ono, monga kuchedwa chabe kapena kuperewera zakudya, koma zidziwike nthawi ilipo.

Woyang'anira gulu: Bambo wina wanditumizira uthenga kumbali, sakufuna dzina lake lioneke. Akuti: ndinasiya mkazi woyamba chifukwa chosabereka, iye anakwatiwa kwina ndipo ali ndi ana. Wachiwiriyu zaka zikupita, palibe. Kuchipinda ndilibe vuto lililonse. Koma ndevu sizimera kwenikweni, pachifuwa panatupa ngati mawere kuyambira unyamata, ndipo machende ndi aang'ono. Kodi zimene mukukambazi zimagwiranso amuna?

Chisale wa ku UniZambeze, Tete: Achimwene, mwachita bwino kufunsa. Zimagwira amuna, ndipo kwa amuna n'kumene zili zambiri. Pali Klinefelter, dzina la dokotala wa ku America amene anaifotokoza mu 1942. Mwamuna amabadwa ndi X yowonjezera, XXY, makromozomu 47. Ndi mmodzi pa amuna pafupifupi 600, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Ambiri amakhala aatali, miyendo italiitali, ndevu zochepa, machende aang'ono olimba. Kugona ndi mkazi amatha, madzi amatuluka, koma m'madzimo mbewu mulibe. Si chotengera kumtundu ngati chija cha kwa Mayi Nabanda. Chimangochitika pamene dzira kapena umuna ukupangika, makromozomu awiri n'kukanika kulekana. Palibe chimene makolo anu analakwa, ndipo si chifukwa cha zimene munachita pa unyamata.

Koma musathamangire dzinali. Mbewu zimachepanso chifukwa cha matsagwidi ogwira munthu atakula, matenda opatsirana pogonana osachiritsidwa bwino, kapena machende amene sanatsike ali mwana. Choyamba ndi espermograma, kuyeza umuna. Mumakhala masiku 2 mpaka 7 osagona ndi mkazi, mumapereka umuna ku laboratory, amauona pa makina. Zotsatira zikakhala zoipa amabwerezanso pakapita nthawi, kamodzi sikokwanira.

Anamwino Naphiri, Moatize: Ndipo musagule majekeseni a testosterone kapena mankhwala a mphamvu pamsika poganiza kuti mubereka. Testosterone yochokera kunja imazimitsa ngakhale mbewu zochepa zimene zinalipo. Kwa a Klinefelter imathandiza mafupa ndi nyonga, koma aipereke ndi dokotala nkhani ya ana itakambidwa kale. Kuzipatala zapamwamba, monga ku South Africa, amatha kufufuza mbewu m'kati mwa chende ndi opaleshoni, ndipo amazipeza mwa amuna pafupifupi theka, koma ndalama zake n'zambiri ndipo kupeza mbewu si kupeza mwana. Chimene chimandipweteka pa ntchito yanga n'chakuti pamzere wa osabereka pamakhala amayi okhaokha, chonsecho pa mabanja osowa ana, pafupifupi theka vuto limakhudza bambo. Bambo inu, mkazi wanuyo wamwa mizu yokwana. Pitani limodzi.

Nambewe, Chifunde: Agogo akuti akuluakulu ankadziwa kuti mwamuna naye amalephera, n'chifukwa chake kunali kulowetsa fisi mwakachetechete. Koma akuti masiku ano ndi matendawa iwo sangalangize zimenezo.

Nachisale, Zóbuè: Ndakhala ndikungowerenga, manja akunjenjemera. Mwana wanga wachiwiri atabadwa azamba anayang'anana. Kumaso kwake, kumalo obisika, sikunkadziwika bwino, anati ndi mwamuna koma m'thumba munalibe kanthu. Titangotuluka m'chikuta anayamba kusanza, kukana bere, liwombo kulowa. Sanathe masabata atatu. Anthu anati ndi tsempho, bambo ake anayenda kunja, mpaka banja linatsala pang'ono kutha. Wachitatu anali mwamuna wabwinobwino, naye anapita chimodzimodzi. Woyamba ali moyo, ali pa sukulu. Pano ndili ndi mimba ya miyezi 7. Amuna anga ndi msuweni wanga.

Anamwino Naphiri, Moatize: Achemwali, pepani kwambiri. Mvetserani bwino, chifukwa pa zonse takambirana lero, iyi yokha ndi imene imapha mwana m'masiku ochepa, ndipo ili ndi mankhwala. Makanda amamwalira ndi zinthu zambiri, makamaka matenda olowa m'magazi, ndiye sindingalumbire. Koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi CAH. Pamwamba pa impso pali tiziwalo timene timapanga homoni yotchedwa cortisol ndi homoni ina yosunga mchere m'thupi. Jini yake ikawonongeka, mahomoni amenewa sapangika, m'malo mwake timatulutsa mahomoni achimuna ochuluka. Mwana wa XX amabadwa kumaso kukuoneka ngati kwa mwamuna, koma m'kati ali ndi chiberekero ndi mazira. Mwana wa XY amaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake amaphonyedwa. Cha m'sabata yachiwiri mchere umathera mu mkodzo, mwana amasanza, amauma, sikelo imatsika.

Si tsempho, ndipo amuna anu sanaphe ana. Jiniyi mwana amadwala nayo pokhapokha ailandire kwa mayi ndi kwa bambo omwe, inu awiri osadwala. Pa mimba iliyonse mpata ndi umodzi pa inayi, ndiye mipata itatu ndi yoti mwana ameneyu abadwa wopanda vutoli, monga woyamba uja. Pa dziko lonse ndi mwana mmodzi pa 15,000, koma pa chisuweni mpata umakwera chifukwa nonse mukhoza kuitenga kwa kholo limodzi.

Nachisale, Zóbuè: Ndiye akabadwa nayo amachira?

Anamwino Naphiri, Moatize: Siitha, koma amakhala moyo. Amamwa mankhwala a hydrocortisone tsiku lililonse moyo wake wonse, ndi fludrocortisone, ndi mchere woyeza ndi dokotala adakali khanda. Akadwala malungo kapena kutsegula m'mimba mlingo umakwezedwa. Atsikana osamalidwa chonchi amasamba, ndipo ambiri ofuna ana amabereka. Za opaleshoni ya kumaso sizothamangira, choyamba ndi moyo.

Chitani izi. Ku sikelo mukafotokoze za ana awiriwo monga mwalembera pano, ndi zoti amuna anu ndi msuweni, azilembe pa khadi. Mupemphe kukachirira kuchipatala chachikulu kumene kuli dokotala wa ana ndi laboratory yoyeza mchere wa m'magazi, kaya ku Tete kapena kumene angakutumizeni. Mwana akabadwa, kaya akuoneka bwino bwanji, musathamangire kumudzi asanamuone dokotala wa ana, ndipo masabata atatu oyamba mukhale pafupi ndi chipatala. Akangoyamba kusanza mobwereza, kufooka kapena kukana bere, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale usiku, musadikire kuti akuluakulu akambirane kaye.

Nachisale, Zóbuè: Sikelo yanga ndi Lachinayi. Amuna anga ndawawerengera zonse, akuti apita nawo. Mchemwali wawo amakhala ku Matundo, mumzinda wa Tete, tikapempha malo kumeneko.

Anamwino Naphiri, Moatize: Mutenge ndi makhadi a ana awiri aja ngati alipo. Dokotala adzafuna kuona masikelo awo ndi masiku amene anayamba kudwala.